Za m'Sutikesi ya Malemu

Tidatsegula sutikesi ya malemu Che Mdoka
patatha masiku makumi anayi, sadaka itadyedwa,
abale a ku Katuli atakwera matola kubwerera kwawo.
Mudali jekete la ulonda wa ku esiteti,
malisiti a feteleza a zaka zisanu ndi ziwiri,
tasibihi yoduka chingwe,
ndipo pansi penipeni, m'nsanza ya chitenje cha amayi,
kabokosi kachitsulo kokhota ngati nthochi,
kopanda chipolopolo ndi chimodzi chomwe,
konunkha girisi wakale.

Mfuti yake idabwezedwa kalekale
eni esiteti atagulitsa malo n'kupita.
Chidatsala ndi kabokosika, ndi lamba wachikopa
amene bambo adamuboola mabowo ena atatu ndi msomali
chaka chomwe adayamba kuwonda.

Asiyatu akufunika fizi ya teremu yachiwiri.
Njinga yanga ya kabaza idathyoka foloko pa mlatho wa Shire.
Ndiye ndidayala zinthuzo pamkeka,
n'kuzijambula ndi foni ya Twaibu ya galasi long'aluka,
ndidagula bandulo ya tsiku limodzi
n'kuziika pa msika wa pa intaneti,
pakati pa firiji yochokera ku Joni
ndi nkhunda za munthu wina wa ku M'baluku.
Ndidalemba kuti: magazini ndi lamba, zolimba, mtengo tikambirana.

Tiyi asanazizire m'kapu chithunzi chidazimiririka.
Padangotsala mawu ofiira a Chizungu.
Twaibu adandimasulira akutafuna chinangwa:
akuti za mfuti pano ayi,
ngakhale chotengera chake, ngakhale chopanda kanthu.

Ndidatukwana. Akukanayo ndani? Amakhala kuti?
Alibe nkhope, alibe benchi yoti ndikakhalepo
n'kumufotokozera kuti ichi n'chigoba chabe,
ngati cha nkhono mwini wake atafa.
Sadziwa Asiyatu, sadaone kalata ya ahedi,
sadziwa kuti bambo pa zaka khumi ndi zinayi
adangowombera kawiri, m'mwamba,
kuopseza anyani m'chimanga.

Koma uthenga umodzi udali utalowa kale
pa mphindi zochepa zija chitseko chili chotsegula.
Nambala yachilendo, yopanda nkhope.
Sadapereke moni. Sadafunse mtengo.
Adangoti: zam'kati mwake uli nazonso?
Tikumane ku Chiponde usiku, ubwere wekha.

Ndidakhala pakhonde mpaka azana ya m'bandakucha,
udzudzu ukundidya m'akakolo.
Ndidakumbukira Che Sumani wa golosale pa Namwera,
momwe tidamupezera Lachiwiri lija kuseri kwa kauntala,
dzanja likadali m'thumba la shuga,
sikelo ikulozabe theka la kilo.
Chigoba chomwe chidalavula chipolopolo chimenecho
nachonso wina adachigulitsa ali ndi chifukwa chake,
mwina fizi, mwina mankhwala a mwana,
ndipo atalandira ndalama adagona tulo.

Kutacha ndidakulunga kabokosi m'nsanza yomwe ija,
ndidayenda wapansi kuwoloka mlatho
mpaka ku polisi ya pa Boma.
Wapolisi wamkazi adalemba m'buku, cholembera chikukanakana,
adandifunsa kawiri dzina la malemu,
adandiyang'ana nthawi yaitali,
kenako adati basi, mutha kupita.
Sindidalandire kanthu, ngakhale ya basi.

Lamba ndidasunga. Ndamuvala lero.
Ndimamanga pa bowo lachiwiri mwa atatu a msomali aja.
Fizi sinapezekebe.
Nkhunda za ku M'baluku zidagulidwa,
firiji ikadali pomwepo, mtengo watsika kawiri.
Asiyatu akuwerenga pansi pa mtengo wa mango,
akuti ahedi amupatsa mpaka Lolemba.
Nambala ija idaimbanso dzulo tili pa kanyenya.
Twaibu adaiyang'ana, adandiyang'ana ine,
n'kuitsekera kunja ndi chala chonona mafuta.